Thabwa la Amida

M'sutikesi yanga yachitsulo, pansi pa masatifiketi amene sanandithandize kanthu, muli pepala la thumba la simenti. Mutaliona lero munganene kuti n'chinyalala. Ndi lakuda pakati, lofiirira m'mbali, ndipo likununkhabe mafuta a injini. Adzukulu anga analipeza kawiri konse n'kufuna kukolezera mbaula. Pa pepalali panali mizere. Ndinaiona ndi maso angawa, ndipo mwa amene ankadziwa tanthauzo lake ndatsala ndekha. Amene analidinda anali Jaffalie, wosema zidindo pa boma la Mangochi. Dzina lake silili m'buku lililonse. Anthu olembedwa m'mabuku ndimawadziwa, ena ndinaphunzira nawo kalasi imodzi, ndipo ambiri a iwo sakanatha kusema ngakhale chilembo chimodzi chowongoka. Ndiye ndilemba ine.

Ndinafika ku Mangochi mu 1976. Anandisamutsa kwathu ku Ntcheu chifukwa ndinauza woyendera sukulu kuti walakwitsa samu pa bolodi. Analakwitsadi. Ku Mangochi anandipatsa kalasi ya ana makumi asanu ndi atatu, nyumba yodontha, ndi ahedi otchedwa a Macloud, munthu amene sanandipose pa maphunziro koma ankadziwa nthawi yoombera m'manja. Analinso mlembi wa nthambi ya chipani ya m'dera lathu. Kumbukirani zimenezo, ndidzabwererako.

Mwezi wanga woyamba ndinapeza kuti chidindo cha sukulu chinaphwanyika moti dzina la sukulu silinkawerengekanso. Ndinanyansidwa nacho, ndinafunsa pa msika, ndipo anandilozera pa khonde la sitolo ina kufupi ndi mlatho wa pa Shire. Pamenepo panali munthu wochepa thupi, wovala kofia yoyera ndi magalasi omangidwa ndi ulusi wa ukonde, atawerama pa bokosi la sopo limene linali tebulo lake. Zida zake zinali malezala othyoka, mawaya a ambulera onoledwa kunsonga, zidutswa za mphira wa matayala akutha, ndi kachidutswa ka kalilole koyang'anira ntchito yake.

"Lembani apa zimene mukufuna, aphunzitsi," anatero asanandifunse n'komwe dzina. "Mulembe bwino. Ine ndimasema zimene ndaona. Mukalakwitsa inu, sukulu yanu ikhala ikulakwitsa zaka khumi."

"Mwadziwa bwanji kuti ndine mphunzitsi?"

"Choko chili m'khutu lanu."

Ndinakhala pa njerwa n'kumuonerera. Ankasema zilembo mozondoka, kuyambira kumanja kubwerera kumanzere, osajambula kaye ndi pensulo. Sukulu analekeza sitandade 3. Ndinamufunsa kuti luso lotere analitenga kuti, iye n'kunena kuti ku madarasa kulemba kumayambira kumanja kale, ndiye dzanja lake silinaone chachilendo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkaima pa khondelo ndikaweruka. Iye ankanditchula aphunzitsi, ine ndinkamutchula Che Jaffalie, ndipo sitinasinthe mpaka imfa yake.

Anali ndi lamulo limodzi. Sankasema chidindo cha munthu wina mwini wake asanabwere yekha. M'zaka zimenezo ambiri ankamubweretsera pepala lodindidwa kale, la chipatala kapena la ofesi ina, n'kumupempha chapansipansi kuti atengere pomwepo. Ndinaona kalaliki wina wa taye akuchonderera mpaka thukuta. Jaffalie sanadzutse n'komwe mutu.

"Chidindo n'dzanja la mwini wake, bwana. Kamutengeni mwini dzanjalo abwere."

Mkazi wake anali Amida. Ankakhala kumudzi kwa mkaziyo, m'njira yopita ku Nkopola, ulendo wa ola limodzi pa njinga. Jaffalie kwawo kunali kutsidya kwa Shire, kumapiri, ndipo m'mudzimo anali mkamwini. Amida ankabwera naye m'mawa uliwonse pa keliyala, atanyamula thabwa pamutu. Ntchito yake pa msika inali kukonzera anthu nsomba. Ukagula chambo kapena kampango, unkapita nazo kwa iye, iye n'kupala mamba, kutumbula, n'kuduladula. Thabwalo linali la mbawa, lochokera ku boti lakufa la bambo ake, ndipo analidulirapo kuyambira ali mtsikana, pa msika ndi kunyumba komwe. Anali wamanzere. Akuti amayi ake anamumenya dzanja limenelo ubwana wake wonse, koma pa mpeni linakana kugonja.

"Aphunzitsi, nsombayi ndiidule ngati ya anthu kapena ngati ya aphunzitsi?" anandifunsa tsiku lina.

"Zimasiyana bwanji?"

"Ya aphunzitsi timadula ting'onoting'ono, kuti ikafike pakutha pa mwezi."

Amayi onse a pa mzere wa nsomba anaseka, inenso ndinaseka. Nkhope yake sindikuikumbukira. Ndayesa. Ndikukumbukira mpeni wokha ndi mmene unkagwera chammbali.

Anamwalira mu Febuluwale 1979. Jaffalie anali atapita ku Monkey Bay kukapereka zidindo za masitolo awiri, mvula inadula msewu, ndipo anakhalako masiku atatu. Amida anayamba kutsegula m'mimba m'mawa wa tsiku loyamba, anatsirizika masana a tsiku lachiwiri, ndipo anamuika tsiku lomwelo nthawi ya swala yamadzulo isanakwane, monga amachitira Asilamu. Chifukwa cha matendawo, mphasa yake, zofunda ndi nsalu zake zonse anazitentha. Jaffalie atafika anapeza mulu wa mchenga wonyowa ndi phulusa kuseri kwa nyumba. Chithunzi panalibe. Wojambula ankabwera pa msika Loweruka lililonse, koma Amida ankaphimba nkhope ndi mpango, ati ashehe analetsa.

Atapanga sadaka ya masiku makumi anayi, abale a mkazi anamusudzula. Mchimwene wa Amida, Sumani, ndi amene analankhula. Jaffalie anandiuza mawu ake osaonjezera kanthu: "Alamu, sitikukuthamangitsani. Koma mukudziwa mmene timachitira. Mwanayu akhala ndi ife." Mwanayo anali Asiatu, wa zaka khumi ndi ziwiri, yekhayo amene anawatsalira. Miphika, mbale ndi ndowa anagawana achemwali a malemu. Sumani sanali munthu woipa, anachita zimene aliyense akanachita, ndipo chimenecho n'chimene chimandikwiyitsa. Potuluka m'mudzimo Jaffalie anaona thabwa lija atatsekera nalo khola la nkhuku. Palibe amene analifuna chifukwa linkanunkha nsomba. Anaikapo mwala m'malo mwake, analimanga pa keliyala pomwe pankakhala mwini wake, n'kupalasa.

Anapeza kachipinda kuseri kwa sitolo ija. Ntchito anapitiriza. Sankalira, sankadandaula, nthabwala zokha ndi zimene zinatha. Unkamufunsa kanthu, iye n'kuyankha mawu awiri, n'kubwerera pa mphira wake.

Patapita miyezi ngati isanu, Lachisanu lina atachokera ku mzikiti, anandiitanira m'kachipindako. Pa chingwe choyanikira zovala panali mapepala a simenti asanu ndi limodzi. Lililonse linali lakuda, ndipo mumdimawo munali mizere yoyera mazanamazana, yaitali ndi yaifupi, yodutsanadutsana, yothinana pakati moti pamenepo panayera ngati chifunga, yotalikirana m'mbali. Yonse inapendekera mbali imodzi. Panalibe munthu, panalibe nsomba, panalibe chilembo.

"N'chiyani chimenechi, Che Jaffalie?"

"Amake Asiatu," anatero.

Anandionetsa mmene ankachitira. Anati tsiku lina anapukutira dzanja la inki pa thabwalo mosadziwa, n'kuona mabala a mpeni akuonekera. Inki ya zidindo inali yochepa, ndiye anapanga yake: mwaye wa koloboyi wosakaniza ndi mafuta akuda okhetsa mu injini za maboti. Ankapaka thabwa ndi kansanza kokulunga mu chubu cha njinga, kugoneka pepala pamwamba, n'kusisita ndi kumbuyo kwa supuni kuyambira pakona ina mpaka inzake. Zinkamutengera ola lathunthu. Akamatula pepalalo, paliponse pamene mpeni unalowa pankatsala poyera.

Ankawerenga pepalalo ngati mmene ine ndimawerengera nyuzi. Anaika chala pa mizere yonenepa.

"Iyi ndi mitu ya kampango. Fupa lake n'lolimba, ankachita kumenya. Iyi yaitali ndi chambo, amang'amba kuchokera kumsana. Ting'onoting'ono ta m'mbali iti ndi anyezi, ta kunyumba, makamaka mwezi wa Ramadhani."

"Nanga kadontho koyera aka?"

Anaika chala pamenepo.

"Ilo ndi tsiku limene anamva kuti ndikuganiza zotenga mkazi wachiwiri. Anazika mpeni pamenepo, unaimirira wokha."

"Ndiye munamutenga?"

"Aphunzitsi, mpeniwo munauona."

Ku koleji ya uphunzitsi tinali ndi mzungu wina amene anationetsapo buku la zithunzi za kwawo, zopanda nkhope, mizere ndi madontho okhaokha. Anati ojambula ake ndi akatswiri, ndipo zithunzi zawo zimasungidwa m'nyumba zolonderedwa ndi asilikali. Ife tinaseka mpaka anatitulutsa. M'kachipinda kaja, pakati pa fungo la mafuta ndi nsomba, ndinakumbukira bukulo ndipo sindinaseke.

Mapepalawo sankakhalitsa. Mafuta a injini sauma, amayenda pang'onopang'ono m'pepala. Pakatha miyezi itatu mizere yopyapyala inkayamba kutsekeka, pakatha isanu ndi umodzi pepala linkakhala litada pafupifupi lonse. Jaffalie ankadziwa zimenezi, ndiye ankadinda lina Lachisanu lililonse. Akalewo sankataya, ankawaunjika pansi pa bedi. Nalonso thabwa linkasintha. Inki inkalowa m'mabala n'kuumiramo, ndipo supuni inkasalaza pamwamba. Ankatokosa mzere uliwonse ndi munga wa nsomba kuti achotse inkiyo. Ndinamufunsa chifukwa chosagwiritsa lezala, poti akanafulumira.

"Lezala imadula. Ikadula, mzerewo wakhala wanga."

Chaka chachiwiri chili pakati anandionetsa pepala latsopano n'kuloza m'mbali.

"Anyezi wapita," anatero, ngati munthu amene akunena kuti basi yadutsa.

Mu Juni 1981 ndinamupempha pepala limodzi. Anasankha latsopano, n'kulipinda kamodzi. Ndikanalisunga kunyumba nkhaniyi ikanathera pamenepa. Koma ine ndinali mphunzitsi wodzimva, wofuna ana anga aone zimene ana a aphunzitsi ena sanaone. Lachitatu ndinalipachika pa bolodi mu sitandade 7 n'kufunsa kuti akuona chiyani. Wina anati ukonde wong'ambika. Wina anati mvula ya mphepo. Mtsikana wina wa kumbuyo anati udzu utapsa. Linali phunziro labwino kuposa onse amene ndinaphunzitsapo, ndipo linatha mphindi khumi. A Macloud anali ataima pa windo.

Analowa, ana anaimirira, iwo anayandikira bolodi manja ali kumbuyo.

"Mapu a kuti amenewa, a Gilford?"

"Si mapu, ahedi."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndi thabwa lodulirapo nsomba."

"Thabwa. Ine ndakhala mwana tsopano? Izi si njira izi? Apa pothinana si mudzi? Kadontho aka akusonyeza chiyani? Wajambula ndani?"

Ndikanati ndajambula ndine. Ndikanati ndatola pa msewu. Ndinali ndi mayankho ambiri, ndinawapeza onse madzulo ake. Pa nthawiyo, pamaso pa ana makumi asanu ndi atatu, ndinati: "Che Jaffalie, wa zidindo uja." A Macloud anati "Ohoo," anamatula pepalalo, analipinda kanayi, analiika m'thumba la jekete, n'kutuluka.

Achinyamata a lero sangamvetse zimene "ohoo" ameneyo ankatanthauza. Mangochi linali boma loyang'aniridwa ndi diso lofiira. Malire ali pafupi, kuseri kwa mapiri omwe aja a kwawo kwa Jaffalie, ndipo munthu wakumeneko sankafunika kulakwa kwambiri. Pa sukulu yathu pomwepo panali mphunzitsi, a Thomson, amene anatengedwa chifukwa cha kalata yochokera kunja imene sanaiwerenge n'komwe. Anabwerako patatha zaka zinayi, mano akutsogolo palibe, ndipo sankakhala m'chipinda chotseka chitseko.

Masiku awiri sindinapite pa khonde paja. Loweruka masana ndinapita. Jaffalie anali akunola waya.

"Kunabwera mthenga wa chipani m'mawa," anatero. "A tcheyamani, a Simioni, akundifuna ku ofesi Lolemba. Ati ndibwere ndi zipangizo zanga."

Ndinakhala pa njerwa ija n'kumuuza zonse, za bolodi, za mapu, za dzina lake limene ndinatchula. Anamvetsera osasiya kunola. Nditamaliza anayesa nsonga ya waya pa chala chachikulu.

"Ana aja anati akuona chiyani?"

Ndilo funso lokha limene anandifunsa.

Lamulungu nditatuluka m'tchalitchi ndinapita molunjika ku kachipinda kake. Dzuwa linali paliwombo, malata akuthetheka. Ndinamuuza kuti atulutse mapepala onse. Anawakoka pansi pa bedi, mulu wofika m'mawondo, apansi akuda bii, apamwamba mizere ikuonekabe. Ndinati tiwatenthe. Sanatsutse. Tinawaika pa mbaula kuseri kwa sitolo, atatuatatu. Mapepala a mafuta amayaka bwino kwambiri. Mayi wina woyandikana naye anasuzumira n'kufunsa ngati tikuwotcha matayala, Jaffalie n'kuyankha kuti eya.

Kenako ndinaloza thabwa.

"Ili si mapu, aphunzitsi. Ndi thabwa. Aliyense angaone."

"Akalipaka inki likhala mapu. Pepala lanu lija lawaphunzitsa kale kachitidwe kake. Adzakufunsani kuti njira izi zikupita kuti. Mukadzati ndi mitu ya kampango adzakumenyani mpaka mutchule mudzi. Adzafunsa kumene thabwali linachokera, ndipo adzapita kumeneko. Asiatu ali kumeneko."

Ndinalankhula bwino. Ndakhala ndikulankhula bwino moyo wanga wonse. Anayang'ana thabwalo nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Kandisungireni kwanu. Sabata imodzi yokha. Mukaliike pansi pa mphika, palibe adzafunse."

Ndinali ndi Elsie mkazi wanga, ana anayi, ndi nyumba ya boma imene khomo lake linayang'anizana ndi la a Macloud. Ndinamuuza zonsezi, chimodzichimodzi, ngati kuti sankazidziwa. Ndinati kwa ine n'kumene adzayambire kufufuza. Mwina zinali zoona. Ndinakana.

Sanandichonderere. Ndinati tiliponye mu Shire, iye anati mbawa youma imayandama, ndiponso Amida sankadziwa kusambira. Ndinati tilitenthe, iye anapukusa mutu. Anatuluka, anapita kwa kalipentala wa kuseri kwa msika, n'kubwera ndi puleni yopalira matabwa. Anagoneka thabwa pansi, analitsamiza ku khoma, anagwada, anati "Bismillahi," n'kukankha.

Zopala zoyamba zinagwa zakuda, zopiringizika. Zotsatira zinali zofiirira. Fungo la nsomba linadzaza m'chipindamo, lamphamvu ngati la pa msika m'mawa, fungo la zaka makumi awiri ndi zisanu limene linali litabisala m'kati mwa mtengo. Chambo chinapita msanga. Mitu ya kampango inalimba, anabwerezapo kambirimbiri. Kadzenje ka mpeni kanatsala kokha pakati pa thabwa losalala, ndipo anapala mpaka nako kanatha. Ntchito yonse sinakwane theka la ola. Anasesa zopalazo ndi manja, anakaziika pa mbaula, anapukuta puleni n'kukabweza kwa mwini wake. Ine ndinapita kunyumba kukadya.

Lolemba ndinasiyira ana ntchito pa bolodi n'kukaima pansi pa mtengo wa mango kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi ofesi ya chipani. Ndinamuona akulowa ndi kachikwama ka zida zake, atavala malaya awiri, ena pamwamba pa anzake, monga ankachitira anthu osadziwa ngati abwerako. Anakhalamo mphindi makumi awiri. Anatuluka ali ndi kapepala m'manja, anaoloka msewu, n'kundipatsa.

"Akufuna chidindo," anatero. "Chakale anadya makoswe. Chikhale chitatha Lachinayi, kukubwera alendo."

"Nanga za mapu?"

"Sananene. Ati akhala akufunafuna wosema zidindo, ndiye ahedi anu anawakumbutsa kuti ndilipo. Ati anamva dzina langa kwa inu." Analoza kapepalako. "Taonani ngati alemba bwino. Ine ndimasema zimene ndaona."

Panali chilembo chimodzi cholakwika. Ndinachikonza ndi pensulo, pansi pa mtengo wa mango pomwepo, ndipo iye anapita kukayamba ntchito.

Madzulo ake ndinagogoda kwa a Macloud. Anali pa khonde atavula nsapato, akumvera wailesi. Ndinafunsa za pepala lija. Anaganiza kaye, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Aa, mapu aja! Ndinkangokuopsezani, a Gilford. Mumatukumuka kwambiri inu, ngati sukuluyi ndi yanu. Munaona nkhope yanu? Lizzie! Pepala lakuda lija lili kuti?"

Mkazi wawo anayankha ali m'khitchini kuti ndi lija anabwera atakulungira usipa Lachitatu. Analitulutsa m'dengu, lokwinyika, tizidutswa ta usipa titamatirira. Anandipatsa akupepesa kuti sankadziwa kuti n'la ntchito.

A Macloud anakwezedwa chaka chotsatira. Anapuma ntchito ndi ulemu, anamwalira ali mkulu wa mpingo, ndipo pa maliro awo akuti panalankhula anthu khumi ndi mmodzi. Ine sindinapite. Mpaka lero ndikamva wina akuti masiku amenewo kunali mwambo, ndimadzuka n'kuchoka. Munthu ankatha kukuphera chinthu ndi nthabwala, iye osadziwa n'komwe, n'kukagula usipa. Koma puleni sanabweretse ndi a Macloud, ndipo pakhomo pamene panakanidwa thabwa sipanali pawo. Zimenezonso ndimazidziwa, musandikumbutse.

Ndinaliwongola pepalalo pansi pa mabuku usiku wonse, m'mawa n'kupita nalo pa khonde. Mizere inali ikuonekabe bwino kupatula m'mene linapindikira. Ndinali nditakonza zonena.

"Che Jaffalie, latsala ili. Inu mumasema chilembo chaching'ono ngati nyerere, mozondoka, osajambula. Mizere iyi singakukanikeni. Ikani pepalali pambali, tengani lezala, muibwezere pa thabwa umodziumodzi. Palibe adzasiyanitse."

Analilandira ndi manja awiri. Analiyang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi, analiyandikitsa ku mphuno, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti amwetulira.

"Mwini dzanja abwera?" anafunsa.

Ndinapukusa mutu.

"Ndiye sindingaseme." Analipinda m'mene linapindikira kale n'kundibwezera. "Ili likagone kwanu, aphunzitsi. Ili silikumangitsani."

Sanalankhule mokwiya. Ndikanakonda akanakwiya. Anabwerera pa chidindo cha a Simioni, ndipo chinatha Lachitatu, tsiku limodzi nthawi isanakwane, chilembo chilichonse chili chowongoka.

Anakhala zaka zina zisanu ndi ziwiri. Sanadindenso pepala. Lachisanu akachokera ku mzikiti ankangotsegula ntchito ngati tsiku lina lililonse. Thabwa lija analiika pamwamba pa bokosi la sopo kukhala tebulo, koma nthawi zonse ankayalapo katoni, kuti lezala ikaphonya isalikhudze. Ndinkaimabe pa khondelo ndikaweruka. Tinkakamba za mvula, za kuchepa kwa chambo, za Asiatu amene anakwatiwa ku Nkhudzi n'kubereka ana aamuna okhaokha. Za Lamulungu lija sitinakambepo. Kawiri ndinayamba, iye n'kundifunsa ngati ndili ndi machesi.

Anamwalira mu 1988, m'mwezi wa mayeso. Ine ndinali ku Zomba kukachonga mapepala a sitandade 8. Anamuika tsiku lomwelo, ndipo ndinamva patapita masiku anayi. Nditafika pa khonde ndinapeza munthu wina akugulitsa zigamba za njinga. Ndinafunsa za thabwa. Mwini sitolo anati mwina anatenga achibale a kumapiri, wa zigamba anati mwina anakhomera shelefu. Ndinalowa m'sitolomo n'kuyang'ana mashelefu onse. Matabwa osalala amafanana.

Pepala langa linachita zimene anzake onse ankachita. Pofika Khirisimasi ya 1981 chambo chinali chitatsekeka. Mitu ya kampango inapirira mpaka mvula itatha. Kadontho ka mpeni kanakhala zaka zitatu, kakucheperachepera, ndipo tsiku lina ndinatsegula sutikesi n'kupeza kulibe. Ndimalitulutsabe mu Juni. Ndimaliyala pa tebulo, ndimavala magalasi, ndimaika chala pamene ndikuganiza kuti panali kadonthoko. Chaka chino ndinazindikira kuti sindikudziwanso ngati kanali kumanja kapena kumanzere. Ndinalipinda n'kulibwezera pansi pa masatifiketi.